Mayi Mary Wortley Montagu ndi Nkhondo Yolimbana ndi Nthomba

Anthu akamakamba za kugonjetsedwa kwa nthomba amatchula Edward Jenner, sing'anga wa ku England amene adayamba katemera m'chaka cha 1796. Koma zaka 75 Jenner asanayambe ntchitoyo, kudali mayi wina amene adaonetsa dziko lakwawo kuti nthawi zina munthu ayenera kulola ngozi yaing'ono pofuna kupewa yaikulu.

Mayi Mary Wortley Montagu adabadwa m'chaka cha 1689, m'banja la anthu olemekezeka. Ali mtsikana adadziphunzitsa okha Chilatini powerenga mabuku a bambo awo. Nthomba adaidziwa bwino, pakuti idapha mlongo wawo m'chaka cha 1713, ndipo patapita zaka ziwiri idawagwira iwo omwe. Adachira, koma nkhope yawo idatsala ndi zipsera.

M'chaka cha 1716 amuna awo adasankhidwa kukhala kazembe wa Britain ku Turkey. Kumeneko Mayi Montagu adaona mwambo wodabwitsa. Amayi okalamba ankatenga mafinya kwa munthu amene nthomba sidamulimbe, nkukanda khungu la munthu wabwinobwino ndi singano, nkupakapo mafinyawo. Munthuyo ankadwala pang'ono masiku owerengeka, ndipo akachira nthomba sinkamugwiranso moyo wake wonse. Mu March 1718 mayiwa adalola kuti mwana wawo wamwamuna atemeredwe motero, sing'anga Charles Maitland akuyang'anira, ndipo mwanayo adachira bwinobwino.

Akulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kameneka ku England sadakalandire ndi manja awiri. Mliri wa nthomba utagwa mu London m'chaka cha 1721, Mayi Montagu adatemeretsa mwana wawo wamkazi wa zaka 3. Asing'anga ambiri pamodzi ndi atsogoleri ena a mpingo adatsutsa kolimba. Iwo ankati nkulakwa kuika matenda m'thupi la munthu wosadwala, ndipo ankanyoza mankhwala ochokera kwa nkhalamba za dziko lachilendo. Mantha awo sadali opanda maziko, chifukwa ena mwa otemeredwa ankafadi, ndiponso wotemeredwa ankatha kupatsira anzake nthombayo.

Chaka chomwecho akaidi 6 a m'ndende ya Newgate, amene adali ataweruzidwa kuti aphedwe, adavomera kutemeredwa atalonjezedwa ufulu. Onse adachira namasulidwa. Chaka chotsatira Caroline, mkazi wa mwana wa mfumu, adatemeretsa ana ake aakazi awiri.

Amene adaunika bwino mkanganowu ndi James Jurin, mlembi wa bungwe la Royal Society, yemwe adasonkhanitsa mawerengero kuchokera kwa asing'anga. Adapeza kuti mwa anthu pafupifupi 50 otemeredwa ankafa mmodzi, pamene mwa anthu 7 kapena 8 ogwidwa ndi nthomba yobwera yokha ankafanso mmodzi. Komabe makolo ambiri adapitiriza kukana. Mwana akafa ndi nthomba ya mliri, anthu ankati ndi chifuniro cha Mulungu, koma akafa atatemeredwa, mlandu unkagwera kholo limene lidamupereka. Imfa imodzi yochokera m'manja mwa munthu inkalemera m'maganizo mwawo kuposa maliro ambiri a chaka ndi chaka amene adali atawazolowera. Otsutsa aja ankaganiza kuti kukhala osachitapo kanthu ndiko kusamala, osazindikira kuti kukhala chete nakonso nkusankha, ndipo pa nthawi ya mliri kudali kusankha koopsa kopambana.

Mayi Montagu adachoka ku England m'chaka cha 1739 nakakhala zaka zambiri ku Italy ndi ku France. Adabwerera kwawo mu 1762 namwalira mu August chaka chomwecho. Makalata amene adalemba za ulendo wawo wa ku Turkey adasindikizidwa chaka chotsatira, ndipo amawerengedwabe mpaka lero.

Njira imene adabweretsa idaletsedwa ndi lamulo ku Britain mu 1840, popeza katemera wa Jenner adali wosaopsa kwenikweni poyerekeza ndi iyo. Mu 1980 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lidalengeza kuti nthomba yatheratu. Matendawo adapita, koma funso limene mayiwa adayankha ali ndi mwana m'manja likadali pakati pathu. Pamene tiuzidwa kuti chinthu chatsopano chili ndi ngozi, tiyenera kufunsanso kukula kwa ngozi imene tikhala nayo tikachikana.