Maria Agnesi, amene ankaphunzitsa alongo ake masamu pakhomo

Anzanga, ine ndikufuna ndikuuzeni za mayi wina wa ku Italy amene anamwalira zaka zoposa 200 zapitazo. Dzina lake ndi Maria Gaetana Agnesi. Ndamusankha chifukwa ntchito imene anatchuka nayo inayambira pa chinthu chimene ngakhale ife a fomu 2 timachidziwa, kukhala pansi ndi munthu amene samu yamukanika n'kumayenda naye pang'onopang'ono mpaka aimvetse.

Maria anabadwa pa 16 May 1718 mumzinda wa Milan. Bambo ake, a Pietro Agnesi, anali munthu wachuma, wa m'banja lochita malonda a nsalu za silika. Anakwatira katatu, ndipo ana onse pamodzi anakwana 21. Eee, 21! Imeneyotu ndi theka la kalasi. Maria ndiye anali wachisamba.

Mutu wake unali wakuthwa kuyambira ali wamng'ono. Ali ndi zaka 9, mu 1727, anaimirira pamaso pa alendo a bambo ake n'kulankhula pamtima m'Chilatini kuti atsikana nawonso ayenera kuphunzira. Asanakule n'komwe ankadziwa zinenero zingapo, monga Chifalansa, Chigiriki ndi Chiheberi. Bambo ake anamulembera aphunzitsi abwino oti azibwera pakhomo, pakuti masiku amenewo mtsikana sankapita ku sukulu zapamwamba. Koma apa pali chimene sichinandisangalatse. A Pietro ankaitana anthu ophunzira ndi olemera madzulo, n'kumuika mwana wawo pakati kuti aziyankha mafunso ovuta, uku mng'ono wake Maria Teresa akuimba nyimbo. Kunena zoona, ankaonetsera mwana ngati mmene munthu amaonetsera njinga yatsopano pamsika. Mu 1738 anasindikiza mfundo 191 zimene Maria ankatsutsana nazo ndi alendowo.

Mwiniwake zimenezi sankazikonda. Anali wamanyazi, wokonda kupemphera, ndipo anapempha kuti akakhale sisitere. Bambo ake anakana. Ndiye anagwirizana chonchi: akhala pakhomo, koma azivala zovala wamba, azipita ku tchalitchi nthawi imene wafuna, ndipo asamakakamizidwe kupita ku madansi ndi ku zisudzo. Amayi ake anali atamwalira kale mu 1732, choncho ntchito yophunzitsa ana a pakhomopo inagwera iye.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna tiime pang'ono. Masiku amenewo masamu atsopano otchedwa calculus, amene Isaac Newton ndi Gottfried Leibniz anatulukira, anali omwazikana. Chidutswa china m'buku ili, china m'magazini ya akatswiri ya dziko lina, ambiri mwa iwo m'Chilatini. Wina ankalemba ndi zizindikiro zake, winanso zake. Mnyamata wofuna kuphunzira ankafunika ndalama zogulira mabuku ambiri, kudziwa Chilatini, komanso mwayi wopeza mphunzitsi, ndipo aphunzitsi oterowo sankapezeka m'tauni iliyonse. Ife amene timagawana buku limodzi anthu angapo tikhoza kumva mmene zinkawawira. Sikuti anyamatawo anali mbuli ayi, koma njira yolowera inalibe.

Maria mwiniyo anathandizidwa. Cha mu 1740 anayamba kuphunzira kwa wansembe wina wodziwa masamu, Ramiro Rampinelli, amene ankabwera kunyumba kwawo. Zimene ankamvetsa anayamba kuzilemba mwadongosolo, poganiza kuti zingathandize alongo ake aang'ono amene angakonde masamu. Zolembazo zinakula mpaka kusanduka buku. Ankatumizanso mapepala ake kwa katswiri wina, Jacopo Riccati, kuti amuonere ngati walakwitsa penapake. Taonani, munthu wodziwa zinenero zonse zija ankaperekabe ntchito yake kuti wina aichonge.

Bukulo linatuluka mu 1748, iye ali ndi zaka 30. Dzina lake ndi Instituzioni analitiche, ndipo pamutu pake pomwepo analembapo kuti ndi la achinyamata a ku Italy. Linali m'zigawo ziwiri, masamba onse pamodzi oposa 1,000. Makina osindikizira anachita kuwabweretsa m'nyumba ya bambo ake kuti iye aziyang'anira yekha, popeza pa masamu kachizindikiro kamodzi kakasochera ndiye kuti zonse zapita m'madzi.

Chimene chinapangitsa bukulo kukhala lapadera si masamu atsopano. Maria sanatulukire lamulo lalikulu ngati Newton. Luso lake linali pa kasanjidwe. Choyamba, analemba m'Chitaliyana, chinenero chimene ana ankalankhula pakhomo, osati Chilatini cha anthu ophunzira. Kenako anayambira pansi penipeni, pa aljebura yemweyu amene amatizunguza mutu ifeyu: kuphatikiza zilembo, kuchotsera, kuchulukitsa, kupeza x. Akafotokoza njira ankaika chitsanzo, kenako china, osadumpha sitepe. Pofika gawo lachiwiri, kumene kuli calculus, wowerenga amakhala atakwera makwerero onse ndi miyendo yake. Ine ndikuona kuti zimenezi anaziphunzira kwa alongo ake aja. Ukamaphunzitsa mwana wa pakhomo panu sungamunamize. Akapanda kumva amangokuyang'ana, ndipo umadziwa kuti pali pamene wathamanga. Anzathu ena odziwa masamu, tikawafunsa pa gulu lowerengera limodzi, amangolemba ansala m'mizere iwiri n'kutiuza kuti n'zosavuta. Chimene chimatisowa ifeyo ndi mizere itatu ya pakati imene iwo aidumpha, ndipo pa JCE malikisi amakhala pa mizere yomweyo.

Bukulo linatchuka msanga. Akatswiri a ku Paris analiyamikira chifukwa cha dongosolo ndi kumveka bwino kwake. Mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria, imene inkalamulira Milan nthawi imeneyo, inamutumizira mphatso ya miyala ya dayamondi. Papa Benedict XIV anamutumizira mendulo yagolide, ndipo mu 1750 anamusankha kukhala mphunzitsi wa masamu pa yunivesite ya Bologna. Kwa munthu wamkazi m'zaka zimenezo chinali chinthu chosowa kwambiri. Koma Maria sanapite kukayamba ntchitoyo.

Pali kankhani kena koseketsa, ngakhale kamandimvetsanso chisoni. M'bukumo muli mzere wina wokhota umene Ataliyana ankautcha versiera. Mphunzitsi wa ku Cambridge, John Colson, anachita kuphunzira Chitaliyana atakula kale kuti amasulire bukuli m'Chingerezi. Pa liwu limeneli anasokoneza ndi lina lofanana nalo, lotanthauza mfiti. Basi, mpaka lero m'mabuku a Chingerezi mzerewo umatchedwa mfiti ya Agnesi. Mayi wopemphera chonchija, dzina lake kumayendera limodzi ndi ufiti! Komanso mzerewo sanautulukire iye, ena anali ataufufuza kale. Mukafuna kuiona mfitiyo, tengani pepala la girafu mujambule y = 1/(x² + 1). Pamene x ndi 0, y ndi 1. Pamene x ndi 1, y ndi theka. Pa 2 mupeza 1/5, pa 3 mupeza 1/10, ndipo kumbali ya manambala a negetivi zituluka chimodzimodzi. Mukalumikiza timadonthoto muona kachulu kotsetsereka mbali zonse ziwiri, kamene kamayandikira mzere wa pansi koma osaukhudza. Sikaluma. Kumasulira kwa Colson kunasindikizidwa mu 1801, Maria atamwalira kale, choncho zaufitizo sanazione.

Bambo ake atamwalira mu 1752, Maria anasiya masamu. Anayamba kusamalira amayi odwala ndi okalamba osowa wowathandiza, poyamba m'zipinda za nyumba yawo, kenako m'nyumba imene ankachita lendi. Ankaphunzitsanso katekisimu. Ndalama zitachepa anagulitsa katundu wake, mphatso zamtengo wapatali zija pamodzi. Mbali imodzi ya mtima wanga imadandaula, chifukwa anali ndi zaka 34 zokha ndipo akanatha kulemba mabuku ena. Koma ndikaganiza bwino, iye anali atanena kalekale moyo umene ankaufuna, kungoti ankadikira chifukwa chomvera bambo ake.

Mu 1771 ku Milan kunatsegulidwa nyumba yosungirako okalamba osauka yotchedwa Pio Albergo Trivulzio, ndipo anapemphedwa kuti aziyang'anira mbali ya amayi. Patapita zaka anasamukira komweko n'kumakhala pamodzi ndi anthu amene ankawasamalira. Anamwalirira m'nyumba imeneyo pa 9 January 1799, ali ndi zaka 80. Anamuika m'manda a anthu osauka, m'dzenje limodzi ndi anthu ena 15.