John Chilembwe ndi amayi a ku Mbombwe

Ngati muli ndi K500 kapena K2000 m'thumba, taitulutsani kaye muione. Munthu ali pamenepoyo mukumudziwa, ndi M'busa John Chilembwe. Mukafunsa mwana wa sukulu aliyense kuno ku Chowe kuti munthuyu anachita chiyani, yankho silichedwa: anamenyana ndi azungu mu 1915. Ndi zoona ndithu. Koma nkhondo ijatu sinakwane ndi masabata awiri omwe. Nanga zaka 15 zimene anakhala ku Mbombwe nkhondoyo isanabuke ankatani? Mwezi uno tikambe za zaka zimenezo, chifukwa mukazifufuza mupezamo amayi osauka ndi ana awo paliponse.

Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano, m'boma la Chiradzulu. Bambo ake anali Myao, monga ambiri a ife kuno. Mayi ake, a Nyangu, anali Mmang'anja, ndipo olemba mbiri ambiri amati anachita kugwidwa pa nkhondo za nthawi ya ukapolo. Tangoganizani kuleredwa ndi mayi woteroyo, wopanda mlongo wake pafupi, wopanda kwawo kothawira zinthu zikavuta. Mavuto a mzimayi wopanda womuyankhulira, Chilembwe sanachite kuwamvera kwa anthu, anakula akuwaona pakhomo.

Mu 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale wina wachingelezi, Joseph Booth, amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Booth anabwera kuno mkazi wake atamwalira, ndipo anali ndi kamtsikana kake, Emily, ka zaka zosakwana 10. Bamboyo ankayendayenda kwambiri, ndiye malungo akamugwira mwanayo, womusamala anali John. Emily atakula analemba buku lofotokoza za masiku amenewo, ndipo anamukumbukira John ngati munthu wachifundo amene anamudwazika mosatopa. Mwaona? Ntchito yoyamba imene mbiri imamudziwa nayo ngwazi yathuyi ndi yolera mwana wamasiye, wa mtundu wina.

Mu 1897 Booth anapita naye ku America. Kumeneko anathandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention, ndipo anaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mu mzinda wa Lynchburg. Anaona ndi maso ake ana ndi zidzukulu za akapolo akudzimangira okha masukulu, amayi akuphunzira unamwino ndi uphunzitsi. Mu 1900 anabwerera kwawo ali m'busa, nakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu komweko. Ambiri timangoti PIM.

Apa ndiye pali nkhani yathu. Pa mishoni yatsopanoyo sipankangomveka nyimbo ndi ulaliki ayi. Anthu ankaphunzira kuwerenga, kuumba njerwa, kulima mbewu zogulitsa. Ndipo amayi sanasiyidwe kunja kwa mpanda. Mu 1902 kunafika mayi wina wakuda wochokera ku Florida, Emma DeLaney, amene anaphunzira unamwino ku Spelman Seminary. Mayiyu anasonkhanitsa amayi a m'midzi yozungulira, nayamba kuwaphunzitsa kusoka. Atabwerera kwawo, ntchitoyo inatsala m'manja mwa mkazi wa Chilembwe, Ida.

Mwina wina akuseka kuti kusoka basi? Kumbukirani kuti masiku amenewo nsalu inali chuma. Mzimayi wodziwa singano ankatha kuveka ana ake, kukonza chong'ambika m'malo mochitaya, ndi kupezako kangachepe posokera anzake. Amuna ake akachoka, kapena akamwalira, sankatsala manja ali m'khosi. Chilembwe ankalemba makalata ku America kupempha thandizo la ntchito imeneyi, ndipo mfundo yake inali yakuti mtundu sungatukuke amayi ake ali m'mbuyo, chifukwa mwana amayamba kuphunzira ali kumsana kwa mayi ake. Ankadandaulanso ndi atsikana okwatiwa ali aang'ono, asanaphunzire chilichonse. Zaka zoposa 100 zapita, koma anzathu, kodi nkhani imeneyi yatha kuno ku Mangochi?

Pofika 1912, masukulu a PIM anali ndi ana pafupifupi 1,000, kuphatikizapo akuluakulu mazanamazana amene ankaphunziranso. Koma kunja kwa mishoni zinthu zinali zothina. Malo ambiri a chonde anali atatengedwa ndi azungu a minda ikuluikulu. Pafupi ndi Mbombwe panali munda wa A. L. Bruce Estates ku Magomero, umene ankauyang'anira William Jervis Livingstone. Banja lokhala pa malo amenewo linkalipira ndi thukuta, ntchito ija ankaitcha thangata. Pamwamba pake panali msonkho wa nyumba wa boma. Choipa kwambiri chinali nthawi yake: mwamuna ankafunidwa ku munda wa thonje wa mzungu nyengo ya dzinja, nthawi yomwe munda wa pakhomo ukufuna khasu. Ndiye ankapalira yekha ndani, mwana ali kumsana, wina akulira pa mzere? Mayi. Chimanga chikachepa m'nkhokwe, woyamba kudzimana nsima analinso mayi yemweyo.

M'zaka za 1912 ndi 1913 kunagwa njala. Mabanja ambiri a Alhomwe anali kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala yomweyo. Pofika kuno analibe malo, analibe mfumu yowaimira, choncho ankavomera chilichonse pa minda ya azungu. Ambiri mwa anthu amene anadza kwa Chilembwe anali otere. Iye ankamanga timatchalitchi taudzu, timene tinalinso masukulu, kuti ana awo aphunzire, koma pa malo a Bruce tinkatenthedwa. Nayenso moyo sunkamukomera. Ankadwala mphumu, maso anayamba kuvuta, ngongole zinamupanikiza, ndipo mwana wake wamkazi, Emma, anamwalira ali wamng'ono. Ululu wa kholo loika mwana m'manda anaulawa.

Mu 1914 nkhondo yaikulu ya ku Ulaya inafika kuno. Mu Sepitembala chaka chimenecho asilikali achikuda anafa ku Karonga pomenyana ndi Majeremani, ndipo boma linali kufuna amuna ena ambiri, ena a mfuti, ena onyamula katundu. Mu Novembala Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Kalatayi imatchuka ngati ya ndale, koma mukaimvetsa bwino, mtima wake uli pa mabanja. Anafunsa chifukwa chimene amphawi opanda kalikonse ayenera kufera nkhondo imene sanaiyambe, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa umphawi wadzaoneni, pamene olemera ndi eni maudindo ali phee kwawo. Boma silinayankhe funsolo, linangotsekereza kalatayo kuti isafalikire.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Livingstone ndi azungu ena awiri anaphedwa. Akazi ndi ana a azungu anagwidwa koma sanapwetekedwe, ndipo anamasulidwa, chifukwa lamulo la Chilembwe linali lakuti mzimayi asakhudzidwe. Komabe tisabise: pamene mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa, mwana wachikuda anafera m'motomo. Pa 3 Febuluwale 1915 Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje akulowera kumalire a Mozambique. Boma linabwezera mwankhanza. Amuna ambiri anaphedwa, ena pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende, midzi inatenthedwa, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe chinagumulidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu amene ankalirira akazi amasiye anasiyanso akazi amasiye ambiri, kuphatikizapo Ida, amene anamwalira ndi mliri wa fuluwenza wa 1918. Nkhondo, ngakhale ya chilungamo, katundu wake wolemera amasenza ndi amayi.

Koma mbewu imene anadzala m'zaka zamtendere zija sinafe. Panali mnyamata wina, Daniel Malekebu, amene ankathandiza ntchito za pakhomo kwa Emma DeLaney. Anamutsatira ku America, naphunzira udokotala ku Meharry Medical College, ndipo amadziwika ngati Mmalawi woyamba kukhala dokotala. Mu 1926 iye ndi mkazi wake Flora anatsegulanso PIM. Chimene mfuti inalephera kusunga, chinadzutsidwa ndi mwana amene mayi wina anamutenga ngati wake. Paja akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Thangata kulibe, koma mayi wopalira yekha munda alipo. Amuna ake ali ku Joni, chaka chachitatu chino, foni siikupezeka. Wina amuna ake ali kunyanja, nsomba sizikugwidwa ngati kale. Wina ndi mnzathu weniweni, tinali naye kalasi imodzi, anatenga mimba ali Sitandade 7 ndipo mnyamatayo anakana. Mwana akatentha thupi usiku, ndalama ya kabaza kapena ya njinga yamoto yopitira kuchipatala palibe. Tonse tikumudziwa mmodzi wotere, ndipo nthawi zambiri timangomudutsa, mwinanso kumunena.

Chilembwe anali m'busa wa Chikhristu, ambiri a ife ndi Asilamu, koma njala ya mwana siifunsa kumene mayi ake amapemphera. Ndipo musaganize kuti iye anali ndi ndalama. Anali ndi ngongole, monga tanena. Chimene anachita ndi kuyamba ndi zimene zinalipo: singano, bolodi, ndi pakamwa posaopa kunena chilungamo.

Ifenso tili nazo zathu. Amene mumadziwa kusoka, kuphika mandasi kapena kuweta nkhuku, tengani mayi mmodzi wachitsikana mumuphunzitse. Anyamata, Loweruka limodzi lokha lopalira m'munda wa mayi wamasiye silingakupheni, ndipo kwa iye ndi nsima ya miyezi. Atsikana, mnzanu akamachita manyazi kupita kusikelo, muperekezeni. Muuzeninso kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, chifukwa alipo amene sakudziwa, ndipo ena akudziwa koma akuopa kusekedwa. Amayi a banki mkhonde, musamuone ngati mwana, mulandireni ngakhale masheya ake ndi ochepa. Ndipo mukamva kuti mtsikana wosakwana zaka 18 akufuna kumukwatitsa chifukwa pakhomo palibe chakudya, dziwani kuti malamulo a dziko lino amaletsa. Kauzeni amfumu kapena aphunzitsi, koma musathere pomwepo: funsaninso kuti banjalo lidya chiyani mawa, chifukwa chimene chikuwakankha ndi chimenecho.

Pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma kukumbukira John Chilembwe. Kudzakhala zoyankhula ku Mbombwe, wailesi idzaimba nyimbo, ndipo zonsezo ndi zabwino. Ife pempho lathu ndi laling'ono. Pa msonkhano wathu wotsatira, aliyense abwere ataganizira banja limodzi la m'mudzi mwake limene likuvutika, ndi chinthu chimodzi chimene iye angathe kulichitira. Mayina a anthu musawalembe pano, tikakambirana tikakumana, chifukwa umphawi wa munthu si chinthu choonetsa pagulu. Tionana kumeneko.