Obafemi Awolowo: mwana wamasiye amene adatsegulira anzake sukulu yaulere

Mukadzagwira ndalama yapepala ya 100 naira ya ku Nigeria, mudzaona nkhope ya bambo wovala mandala ozungulira ndi kachipewa kumutu. Ameneyo ndi Obafemi Awolowo. Mkuluyu adayesa katatu konse kuti atsogolere dziko lonse la Nigeria, koma katatu konseko adagwa chagada. Chimene anthu amamukumbukira nacho ndi zaka zosakwana khumi zimene adayendetsa chigawo chimodzi chokha, cha kumadzulo kwa dzikolo.

Awolowo adabadwa pa 6 Malichi 1909 ku Ikenne, m'dera la anthu a mtundu wa Chiyoruba. Bambo ake adali mlimi komanso wocheka matabwa, ndipo adamwalira ndi nthomba mu 1920 mwanayo ali ndi zaka pafupifupi 11. Kuyambira pamenepo sukulu idakhala yodukizadukiza. Fizi ikasowa ankayamba wagwira maganyu, ikapezeka n'kubwerera m'kalasi. Atakula adagwirako ntchito ya uphunzitsi, ukalaliki ndi utolankhani, kenaka adayamba geni yogula koko kwa alimi ndi kuyendetsa malole. Geniyo idagwa, ngongole zidamupana, katundu wake mpaka adagulitsidwa.

Munthuyu sadagwe ulesi ayi. Adaphunzira digiri ya zamalonda kudzera m'makalata, ndipo mu 1944 adapita ku London kukachita zamalamulo. Mu 1946 adakhala loya. Chaka chotsatira adatulutsa buku lotchedwa Path to Nigerian Freedom, momwe adafotokoza kuti dziko lalikulu la mitundu ndi zilankhulo zambirimbiri ngati Nigeria silingayende bwino zonse zikamachokera ku likulu limodzi. Iye ankafuna chigawo chilichonse chikhale ndi boma lake, nyumba ya malamulo yake ndi thumba lake la ndalama, pamene boma lalikulu likuyang'anira zinthu za onse monga asilikali ndi ubale ndi maiko ena.

Kwathu kuno mawu akuti chitaganya amatikumbutsa chija atsamunda adatikakamiza mu 1953 potimanga pamodzi ndi Rhodesia. Cha ku Nigeria chidali china: dziko limodzi logawidwa patatu, kumpoto, kum'mawa ndi kumadzulo. Malamulo a 1954 ndiwo adachikhazikitsa kwenikweni, dzikolo lisadalandire ufulu wake mu 1960. Kumpoto kudali Ahmadu Bello, kum'mawa Nnamdi Azikiwe, kumadzulo Awolowo ndi chipani chake cha Action Group chimene adachikhazikitsa mu 1951.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti unduna umene Awolowo adayamba kugwira mu 1952 udali wa maboma aang'ono. Nthawi ya atsamunda, madera ankayendetsedwa ndi mafumu mothandizana ndi bwanamkubwa wachizungu wa pa boma. Munthu wamba ankangopereka msonkho, osadziwa kumene wapita, ndipo padalibe womufunsa. Lamulo la maboma aang'ono la 1952 lidasintha zimenezi. Lidabweretsa makhonsolo amene mamembala ake ambiri adali ochita kusankhidwa ndi anthu, mafumu n'kutsala ndi mipando yochepa. Makhonsolowa ndiwo ankatolera misonkho ndi kusamalira misika, misewu ya m'midzi, zipatala zing'onozing'ono komanso mbali ina ya sukulu zapulaimale. Maganizo ake adali osavuta: wokonza mlatho akhale munthu amene mungakumane naye pamsika n'kumufunsa.

Kenaka idabwera nkhani imene idamutchukitsa. Mu 1952 nduna yake ya zamaphunziro, Stephen Awokoya, idalengeza kuti sukulu zapulaimale zidzakhala zaulere. Tamvetsani apa: sadatsegule zipata mawa lake. Adadzipatsa zaka zitatu. M'zaka zimenezo adamanga makalasi, adawonjezera sukulu zophunzitsa aphunzitsi, adalemba maina a ana oyenera kuyamba. Pofika Januwale 1955 m'pamene ndondomekoyo idayamba. Chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 457,000 mu 1954 kufika pa 811,000 m'chaka chimodzi chokha. Ana osakwana zaka 18 ankalandiranso chithandizo chaulere kuchipatala.

Koma paja walira mvula walira matope. Zaulere zimakhala ndi wolipira. Boma la Awolowo lidaika msonkho wapadera wa maphunziro ndi zaumoyo makalasiwo asadaoneke n'komwe. Anthu adanyansidwa. Otsutsa adapezerapo mwayi, ndipo pachisankho cha aphungu a boma lalikulu cha 1954, Action Group idagonja m'chigawo chake chomwe. Wandale wina akadabwerera m'mbuyo pamenepo, koma iye adapitiriza. Ana atayamba kupita kusukulu popanda fizi, mitima idatsika, ndipo mu 1956 chipanicho chidapambananso chisankho cha chigawo.

Apa m'pamene ubwino wa ulamuliro wa m'zigawo umaonekera. Anthu a kum'mawa ataona zimene zinkachitika kwa anansi awo adayamba kufunsa atsogoleri awo, ndipo mu 1957 nakonso kudayamba sukulu yaulere. Tsoka lake adathamangira osakonzeka mokwanira, ndalama zidachepa, moti patangotha chaka fizi idabwereranso m'makalasi ena. Ndondomeko imodzi, dziko limodzi, zotsatira ziwiri. Kusiyana kwake kudali kukonzekera ndi kudziwa kochokera ndalama. Ife amene tidaona ana akuphunzirira pansi pa mitengo sukulu yaulere itayamba kuno mu 1994 tikudziwa tanthauzo lake.

Thumba lalikulu la chigawo cha kumadzulo lidali koko. Bungwe logula koko linkapatsa alimi mtengo wotsikirapo kuposa wa kunja, zotsalazo n'kumalowa m'chitukuko. Ndalama zimenezi zidathandiza kuthira phula misewu, kutsegula malo a mafakitale ku Ikeja, kumanga bwalo la masewero la Liberty ku Ibadan, ndi kuyambitsa wailesi ya kanema ya WNTV mu Okutobala 1959, imodzi mwa zoyambirira mu Africa muno. Kunena mosapsatira, mlimi wa koko ndiye adasenza chitukukocho pamsana.

Tisamupake mafuta mopitirira. Makhonsolo amene adawakhazikitsa aja sadapume mpweya wabwino nthawi zonse. Boma la chigawo lidali ndi mphamvu yothetsa khonsolo n'kuikapo komiti yongosankha lokha, ndipo otsutsa ankadandaula kuti chikwapu chimenechi chinkagwera kwambiri madera amene sadavotere Action Group. Khonsolo ya Ibadan, yomwe inkatsogoleredwa ndi mdani wake pandale, Adegoke Adelabu, idathetsedwa mu 1956 pambuyo pa kafukufuku wa kayendetsedwe ka ntchito. Mfumu yaikulu ya Oyo, Alaafin Adeyemi wachiwiri, idachotsedwa pampando itasemphana ndi boma la chipanicho. Munthu amene ankauza likulu kuti lisapondereze zigawo, naye dzanja lake lidali lolemera pa amene adali pansi pake.

Mu 1959 adasiya chigawo m'manja mwa wachiwiri wake, Samuel Ladoke Akintola, n'kupita kukalimbirana boma lalikulu. Adagonja, ndipo adakhala mtsogoleri wa otsutsa. Posakhalitsa awiriwa adayambana, chipani chidang'ambika pakati, ndipo mu 1962 boma lalikulu lidalanda kaye ulamuliro wa chigawocho. Komiti yofufuza ya Coker idapeza kuti ndalama za makampani a boma la chigawo zinkalowa m'thumba la chipani, ndipo idaloza chala Awolowo. Mu 1963 khothi lidamugamula kukakhala kundende zaka khumi pamlandu wofuna kugwetsa boma. Chaka chomwecho mwana wake woyamba, Segun, adafa pangozi ya galimoto.

Adatuluka m'ndende ya Calabar mu 1966 asilikali atalanda boma, ndipo Yakubu Gowon adamupatsa udindo woyang'anira chuma cha dziko kuyambira 1967 mpaka 1971. Imeneyi idali nthawi ya nkhondo ya Biafra. Omuyamikira amati adayendetsa chuma nkhondo yonse popanda kukongola kunja. Koma Aigbo ambiri mpaka lero samukhululukira chifukwa cha kutsekedwa kwa njira za chakudya kumene kudaphetsa ana ochuluka ndi njala, komanso lamulo limene lidachititsa kuti ambiri mwa iwo alandire mapaundi 20 okha nkhondo itatha, posayang'ana zimene adali nazo kubanki.

Mu 1979 ndi 1983 adapikisana nawo pa upulezidenti ndi chipani cha Unity Party of Nigeria, ndipo maulendo onse awiri adagonja kwa Shehu Shagari. Komabe mu 1979 chipani chake chidatenga zigawo zisanu, Lagos, Ogun, Oyo, Ondo ndi Bendel, ndipo abwanamkubwa ake monga Lateef Jakande wa ku Lagos adayambitsanso maphunziro aulere kumeneko. Awolowo adamwalira kwawo ku Ikenne pa 9 Meyi 1987. Chaka chomwecho yunivesite ya Ife idapatsidwa dzina lake.

Lero Nigeria ili ndi zigawo 36 ndi maboma aang'ono 774, koma vuto lija silidathe. Kwa zaka zambiri ndalama za makhonsolo zinkadutsira muakaunti yoyang'aniridwa ndi maboma a zigawo, ndipo abwanamkubwa ambiri ankachotsa makhansala osankhidwa n'kuikapo anthu awo. Zidatengera khothi lalikulu la dzikolo mu Julayi 2024 kugamula kuti ndalamazo zizipita mwachindunji ku makhonsolo, komanso kuti makhonsolowo azikhala osankhidwa ndi anthu.

Ndiye mukamamva andale akukangana za mphamvu ku anthu, moyo wa mwana wamasiye wa ku Ikenne ukupatseni mafunso owafunsa. Kodi mwakonzekera kwa nthawi yaitali bwanji? Ndalama zichokera kwa yani, ndipo zifika m'manja mwa yani? Nanga khonsolo ikadzasankha anthu amene simukuwafuna, mudzaisiya igwire ntchito? Mafunso awiri oyambawo Awolowo adawayankha ndi makalasi odzaza ana. Lachitatulo lidamuvuta, ndipo ndi lomwe Nigeria ikulimbana nalobe mpaka pano.