Mfumu Kawinga wa ku Chikala

Tisanatseke lipoti lathu, nkoyenera kuti mamembala akumbukire Kawinga, mfumu ya Ayao Amachinga, amene dzina lake likali pa dziko lathu lino. Iyeyu anamanga linga lake pa phiri la Chikala, cha kumpoto kwa Nyanja ya Chilwa. Mphamvu yake inagona pa malonda, pakuti ankatumiza minyanga ya njovu ndi akapolo ku gombe la nyanja yamchere, nalandira nsalu, mfuti ndi wonga.

Tsono m'chaka cha 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana za malire ali ku Ulaya, eni dziko osafunsidwa, ndipo Boma latsopano linatsimikiza kuthetsa ukapolo. Chaka chomwecho Captain Maguire anadza ndi asilikali a ku India, koma lingalo silinagwe. M'chaka cha 1895 Kawinga anathira nkhondo Malemia pafupi ndi Mishoni ya Domasi. Pamenepo Alfred Sharpe analanda Chikala, mfumu nithawira ku dziko la Apwitikizi.

Ena amtama chifukwa anakana kugonjera alendo. Ena saiwala abale ao amene anagulitsidwa. Zonsezi nzoona, ndipo ana athu ayenera kuzimva pamodzi.