Mbusa John Chilembwe: Mwana wa Konkuno ku Chiradzulu

Anzanga a m'kalabu, pisani m'thumba mutulutse K500 ngati ilimo. Nkhope mukuyionayo ndi ya Mbusa John Chilembwe, mwana wa konkuno kwathu. Tonse timadziwa kuti pa 15 Januwale kulibe sukulu, koma ndi angati mwa ife angafotokoze moyo wa bambo ameneyu?

A Chilembwe anabadwa cha m'ma 1871 kwa Sangano. Mu 1892 anayamba kugwira ntchito kwa mmishonale wina dzina lake Joseph Booth, amene ankaphunzitsa poyera kuti munthu wakuda ndi mzungu n'chimodzimodzi. Mu 1897 Booth anawatenga ulendo wa ku America, komwe anakachita maphunziro a ubusa ku Lynchburg, m'dera la Virginia. Akanatha kukhazikika komweko, koma mu 1900 anabwerera kumudzi n'kudzatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Ndi PIM yomwe ija ena mumangoidutsa pa kabaza.

Musaganize kuti anayamba ndi mikondo ayi. Anayamba ndi choko. Anatsegula masukulu, analimbikitsa ulimi ndi ukhondo, ndipo akazi awo, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Pofika 1913 anali atamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Nanga chinalakwika n'chiyani? Chapafupi pomwepo, ku Magomero, kunali minda ya A. L. Bruce yomwe ankayang'anira William Jervis Livingstone. Anthu kumeneko ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ndipo nkhanza zinali zosasimbika. Nyumba zopemphereramo za PIM za m'mindamo zinkatenthedwa. Kenaka mu 1914 kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anthu akuda n'kumafera nkhondo ya eni. A Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zimenezi, koma boma la atsamunda silinamve.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu awo anaukira. Ku Magomero anapha Livingstone n'kumudula mutu, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso, koma akazi ndi ana a azunguwo sanawapweteke. Gulu lina linapita ku Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma linangopeza zochepa. Apa tisabise, magazi anakhetsedwa, ndipo mpaka lero anthu amakambirana ngati njira imeneyi inali yoyenera. Nafenso tikambirane, si mlandu.

Kuukirako sikunapite patali. Pa 3 Febuluwale 1915 a Chilembwe anawomberedwa m'dera la Mulanje akulowera ku Mozambique. Anthu awo pafupifupi 40 anaphedwa ndi boma, ena mazana anaponyedwa m'ndende, ndipo tchalitchi chija chinaphulitsidwa. PIM inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso.

Chowawa n'chakuti atsamunda anawaika m'manda mwakachetechete, osasiya chizindikiro, kuti anthu asamapiteko kukawakumbukira. Yerekezani ndi ku America: nyumba ya zisudzo ya Ford's Theatre ku Washington, momwe Pulezidenti Abraham Lincoln anawomberedwa mu 1865, lero ndi malo osungirako mbiri, ndipo ana a sukulu amapitako kukaphunzira. Ifeyo manda oti tikaimepo tilibe. Chomwe tili nacho ndi Mbombwe, pomwe pali chipilala cha chikumbutso komanso malo amene panali tchalitchi chakale chija.

Ndiye pempho langa ndi ili, anzanga: tisamadikire Januwale kuti akuluakulu abwere ndi magalimoto awo. Tigwirizane Loweruka lina, tisonkhe ya thiransipoti, tipite ku PIM tikaone ndi maso athu. Tisananyamuke, aliyense akafunse agogo ake zomwe anamva kwa makolo awo za thangata, azilembe m'kope. Agogowa sadzakhala nafe mpaka kale, ndipo akapita amapita ndi nkhani zawo. Amene muli okonzeka, lembani dzina lanu m'munsimu.