Louis Gregory: Mwana wa Omasulidwa ku Ukapolo Amene Anakhala Loya

Louis Gregory anabadwa pa 6 June 1874 mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina ku America. Makolo ake anabadwira muukapolo, ndipo anamasulidwa patatsala zaka zochepa kuti iye abadwe. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu iye ali wamng'ono, banja n'kugwa mu umphawi.

Mayi ake anakwatiwanso ndi a George Gregory. Bambo omupezawa sanamuone Louis ngati mwana wa mwini. Anamupatsa dzina lawo, namuika pasukulu, namupezeranso pophunzira utelala. Mu 1891 Louis anamaliza maphunziro ake ku Avery Institute, ndipo chaka chomwecho mayi ake anamwalira. Ngakhale zinali choncho, a George sanamutaye. Anamulipirira fizi ya chaka choyamba ku yunivesite ya Fisk. Zaka zotsatirazo Louis anadzithandiza yekha posokera ndi kusitira anzake zovala, mpaka analandira digiri mu 1896.

Ataphunzitsako ku Avery, a Gregory anapita ku yunivesite ya Howard komwe anamaliza maphunziro a zamalamulo mu 1902. Anakhala loya ku Washington, nagwiranso ntchito m'boma. Mwana wamasiye uja tsopano ankadzidyetsa yekha ndi kuimirira ena pamilandu.

Mu 1909 analowa Chipembedzo cha Bahá'í, ndipo mu 1911 anakaonana ndi 'Abdu'l-Bahá ku Egypt. Patapita zaka zingapo anasiya ntchito ya uloya, nayamba kuyendera mizinda, masukulu ndi matchalitchi kuphunzitsa umodzi wa anthu akuda ndi azungu, panthawi yomwe tsankho linali m'malamulo a zigawo zambiri za dzikolo. Luso lolankhula ndi kulemba lomwe anaphunzira kusukulu ndi lomwe linawatsegulira makomo. Anamwalira pa 30 July 1951, ndipo Shoghi Effendi anawatcha Dzanja la Chipembedzo cha Mulungu.

Abwenzi okondedwa, zonsezi zinayambira pa bambo mmodzi amene analipira fizi ya mwana wosabereka yekha. Maphunzirowo anapatsa mwanayo chakudya, kenako anamupatsa njira yotumikira anthu. Tikambirane: m'mudzi mwathu muno ndi mwana uti, wamkazi kapena wamwamuna, amene watsala pang'ono kusiya sukulu, nanga ife tingamuchitire chiyani teremu ino?