Benjamin Franklin ndi Kabuku Kace ka Madontho Akuda

Pali dandaulo limene timalimva kawirikawiri kwa aphunzitsi, kwa amisiri ndi kwa alimi omwe, lakuti nchito zicuruka koma dzuwa silidikira. Cifukwa cace mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya munthu wina wa ku America, dzina lace Benjamin Franklin. Iyeyo sitimuika pamaso panu monga citsanzo m'zonse, pakuti zolakwa zace zinalipo, ndipo tidzazichula. Koma pa luso la kusunga nthawi ndi kutsiriza nchito, ali owerengeka amene anamposa.

Anabadwa m'caka ca 1706 m'mudzi wa Boston, m'mbali mwa nyanja yamcere. Atate wace, Josiah, anali mmisiri wopanga sopo ndi makandulo, ndipo anabala ana 17. M'nyumba yodzala cotero ndalama za sukulu zinali zosowa. Mwanayo anaphunzira zaka ziwiri zokha, ndipo pofika zaka 10 anamturutsa kuti azidula zingwe za makandulo ndi kuthira mafuta m'zikombole. Nchito imeneyo anaida ndithu. Poopa kuti angathawire ku zombo, atate wace anampereka, ali wa zaka 12, kwa mkuru wace James, wosindikiza mabuku, kuti aphunzire umisiri umenewo.

Wophunzira nchito alibe nthawi yace ya iye yekha, popeza usana wonse uli wa mbuye wace. Tsono Benjamin anayamba kutola nthawi monga munthu atola khunkha m'munda wokololedwa. Anapangana ndi anyamata a kwa ogulitsa mabuku kuti azimbwereka buku madzulo. Iye naliwerenga usiku, nalibweza mbanda kuca mwini wace asanalifune. Ali wa zaka 16 analeka kudya nyama, napempha mkuru wace kuti azimpatsa theka la ndalama zimene ankamlipirira cakudya, ndipo iye adzadzidyetsa yekha. Pa thekalo anasunganso theka, nagula nalo mabuku. Masana, anzace atapita kukadya, iye anatsala m'nyumba ya nchito ndi cidutswa ca mkate ndi cikho ca madzi, natha msanga, nagwira masamu amene anamkanika ku sukulu.

Kulemba bwino anadziphunzitsa motere. Anapeza buku la nkhani lochedwa Spectator. Anawerenga nkhani imodzi, nalemba mitu yace mwacidule, naika bukulo padera masiku angapo. Pambuyo pace anayesa kuilembanso nkhaniyo m'mau ace, nalinganiza zace ndi za mwini buku, kuti aone pamene anaperewera. Taonani kuti sanakhuta ndi kuyesa kokha, koma anafuna kuona colakwa cace ndi maso. Khalidwe limeneli ndilo muzu wa zonse zimene titi tinene.

M'caka ca 1723, atatopa ndi ndeu ndi kukwapulidwa kwa mkuru wace, anathawira ku Philadelphia. Ndipo caka cotsatira anaoloka nyanja kunka ku London, nalowa nchito yosindikiza komweko. Anzace a pa nchito anali akumwa mowa, poyesa kuti mowa ndiwo upatsa mphamvu. Wina amene ankagwira naye makina amamwa zikho 6 tsiku liri lonse, ndipo Loweruka madzulo amalipira masheleni 4 kapena 5 pa malipiro ace. Franklin anamwa madzi okha. Iwo anamseka, koma iye ankakwera makwerero atanyamula cikombole ca zilembo ku dzanja liri lonse, pamene iwo ananyamula cimodzi ndi manja awiri. Ndiponso Lolemba m'mawa, ena ali cigonere ndi mutu wa mowa, iye sanasowa pa malo pace. Cotero nchito zofulumira, zimene zinali ndi malipiro oposa, mbuye wace anazipereka kwa iye.

Anabwerera ku Philadelphia m'caka ca 1726, ndipo mu 1728 anatsegula nyumba yace yosindikizira, pamodzi ndi mnzace Hugh Meredith. Anthu ananena kuti idzagwa, popeza m'mudzimo munali kale osindikiza awiri. Ina ya nchito zao zoyamba inali mapepala akuru 40 a mbiri ya mpingo wa a Quaker. Masiku aja zilembo zamtobvu zinkatoledwa ndi zala cimodzi cimodzi, ndi kundandalikidwa mizere mizere kufikira tsamba litakwana. Franklin anadziikira lamulo lakuti atsirize pepala limodzi tsiku liri lonse. Usiku wina, atayesa kuti watha, cikombole cina cinasweka mwangozi, ndipo zilembo za masamba awiri zinasokonezeka zonse. Sanapita kukagona, anazisankhula, nazindandalikanso usiku womwewo. Anansi anaona nyali yace ikuyaka usiku, ndipo mbiri inabuka yakuti mnyamatayo ngwokhulupirika. Iye mwini sanabisa kuti anafuna kuti anthu aone cangu cace. Cifukwa cace pogula mapepala amawakankha yekha pa wilibala m'miseu ya mudzi. Ife tiyesa kuti pamenepo panali kucenjera kosakanizika ndi khama.

M'zaka zomwezo anapanga kabuku kamene kachukitsa dzina lace kwa onse ofuna kukonza magwiridwe ao a nchito. Anasankha makhalidwe 12 amene anafuna kuwazolowera: kusadya ndi kusamwa mopitiriza, kusalankhula zopanda pace, kulongosola zinthu ndi nthawi, kucita cimene watsimikiza mtima, kusamwaza ndalama, khama, kunena zoona, ndi ena otere. Bwenzi lace lina la mpingo wa a Quaker linamuuza kuti anthu amuyesa wonyada, wosafuna kugonja pa mtsutso. Pamenepo anaonjeza kudzicepetsa, nakwana 13.

Poyamba anayesa kuwasunga onse pamodzi, koma anapeza kuti polonda khomo limodzi colakwa cimalowera khomo lina. Akuru athu anati, ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Tsono anasintha njira. Pa tsamba liri lonse anajambula mizere ndi inki yofiira: mizere 7 yotsika ya masiku a sabata, ndi mizere 13 yopingasa ya makhalidwe aja. Madzulo ali onse anakumbukira za tsikulo, ndipo pa colakwa ciri conse anaika dontho lakuda pa malo pace. Koma sabata imodzi anaika mtima pa khalidwe limodzi lokha, kuti mzere wace ukhale woyera; enawo anangowerenga madontho ace osabvutika nao. Sabata yaciwiri anatenga laciwiri, nasunga mizere iwiri. Cotero pa masabata 13 anawatha onse, ndipo pa caka anazungulira kanai. Iye mwini anafanizira njirayi ndi kupalira munda: wopalira sathamangira udzu wonse nthawi imodzi, koma atha ndime imodzi, nalowa ina. Ndipo sanayamba ndi khalidwe liri lonse cisawawa. Anatsogoza la cakudya ndi cakumwa, pakuti mutu wolemedwa sungathe kulonda zotsalazo.

Madontho anacuruka koposa umo anayembekezera. Pofafaniza kawirikawiri pepala linabooka, kotero kuti anasamutsira mizere yace pa timasamba ta mnyanga wa njobvu, nalemba madontho ndi pensulo, kuti aziwapukuta ndi cinkhupule conyowa, monga mwana apukuta sileti.

M'kabuku komweko anagawa maora a tsiku. Anadzuka pa 5 koloko. Kufikira 8 koloko anasamba, napemphera, nalinganiza nchito za tsikulo, naphunzira, nadya. Asanagwire kanthu anadzifunsa za cabwino cimene adzacita tsiku limenelo. Kuyambira 8 kufikira 12 anagwira nchito. Maora awiri anadya ndi kuwerenga kapena kupenda mabuku a ndalama. Kuyambira 2 kufikira 6 nchitonso. Madzulo anabwezera zipangizo m'malo mwace, nadya, naceza kapena kumva nyimbo, nadzifunsa za cabwino cimene wacita. Pa 10 koloko nagona. Muwerenge bwino: maora a nchito ali 8 okha, a tulo 7. Munthuyu sanapambana cifukwa ca kudzipha ndi nchito masiku onse, koma cifukwa ora liri lonse linadziwa mwini wace.

Koma tisakunyengeni kuti zonse zinayenda monga zinalembedwa. Pa makhalidwe onse 13, limene linamkanika koposa ndilo la kulongosola. Anapeza kuti wolembedwa nchito angathe kusunga maora ace, koma mwini nyumba ayenera kulandira ogula pa nthawi imene iwo afuna. Mapepala ace anali mbwee. Ali mnyamata sanasamala, popeza anali wa cikumbumtima cakuthwa, koma atakalamba, nayamba kuiwala, anamva kusowa kwace. Polemba mbiri yace ku France m'caka ca 1784, ali wa zaka 78, anabvomera poyera kuti pa khalidwe limeneli analephera, ndi kuti kudzicepetsa anakupeza pa maonekedwe koposa mumtima. Komabe anaona kuti kuyesako kunamsandutsa munthu woposa amene akadakhala. Kabukuko anayenda nako kuli konse, ngakhale m'zaka zimene analeka kuikamo madontho.

Zipatso zace zinaoneka msanga. Mu 1729 anagula nyuzipepala ya Pennsylvania Gazette. Mu 1731 anayambitsa ndi anzace nyumba yobwereketsa mabuku. Mu 1736 gulu lozimitsa moto. Ndipo m'caka ca 1748, ali wa zaka 42 zokha, anapereka nyumba yosindikizira m'manja mwa David Hall, kuti azigawana phindu, iye naleka malonda. Apa ndipo tiona cimene anasungira nthawi: sanafuna kuunjika cuma kufikira imfa, koma kugula ufulu wa kucita zina. Anathandiza kumanga cipatala ndi sukulu imene inasanduka University of Pennsylvania. Anafufuza za magetsi, ndipo mu 1752 anatsimikiza kuti mphezi ndiyo magetsi omwewo. Napanga ndodo yacitsulo yoimika pa denga, yotsitsira mphezi m'nthaka kuti nyumba isapse. Mu 1776 anali mmodzi wa osaina kalata imene America anadzipatula nayo ku ulamuliro wa England, ndipo anakhala kazembe wa dziko lace ku France kufikira 1785.

Pali zinthu ziwiri zimene madontho akuda aja sanazigwira, ndipo ziri zazikuru. Coyamba ndico mkazi wace Deborah, amene anakhala naye kuyambira 1730. Iyeyo ndiye anapinda ndi kusoka timabuku, nasunga sitoro, nagula nsanza zopangira mapepala. Maora ambiri amene mwamuna anapulumutsa anacokera m'manja mwa mkaziyu. Koma Franklin anapita ku London m'caka ca 1764 pa nchito za boma, nakhalitsa komweko. Deborah, amene anaopa kuoloka nyanja, anadwala, namwalira mu 1774, atatha zaka 10 osaona nkhope ya mwamuna wace.

Caciwiri ndico ukapolo. Munthu amene analemba cilungamo pa mzere wa kabuku kace anasunga akapolo a mtundu wa Africa m'nyumba mwace zaka zambiri, ndipo nyuzipepala yace inalengeza malonda a anthu. Mtima wace unatembenuka mocedwa. Mu 1763 anaceza pa sukulu ya ana akuda ku Philadelphia, naona kuti nzeru zao sizicepa pa za ana a azungu. Mu 1787 anakhala mtsogoleri wa bungwe la ku Pennsylvania lofuna kuthetsa ukapolo, ndipo mu February 1790 anasaina pempho la ku nyumba ya malamulo ya America kuti ukapolo uthe. Pempholo silinalandiridwa.

Anamwalira pa 17 April 1790, ali wa zaka 84, ndipo pa maliro ace panasonkhana anthu ngati 20,000. M'kalata yace ya masiye anasiyira mudzi wa Boston mapaundi 1,000, ndi wa Philadelphia 1,000, kuti azikongoza amisiri acinyamata otsiriza kuphunzira nchito, pokumbukira kuti iyenso anaimika nyumba yace ndi ngongole ya abwenzi awiri. Analamula kuti ndalamazo zizibala phindu zaka 200. Zakazo zinakwana mu 1990, ndipo za ku Philadelphia zinali zitafika pa madola 2 miliyoni, za ku Boston zitapitirira 4 miliyoni.